Tebulo lomwe ndinanenerera ku Dedza

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale (ndikudziwa kuti ena muli ndi ndevu komanso ana anuanu tsopano, koma kwa ine mudakali a Fomu 2). Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti moyo wa kumapiri ukuyenda bwanji, ndipo ine ndimangoyankha kuti "kukuzizira." Yankho limenelo ndi loona koma ndi laulesi. Lero ndati ndikhale pansi ndifotokoze bwinobwino, makamaka nkhani ya tebulo limene ndikulemberapoli, chifukwa yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi ndithu.

Kalata yondisamutsa inabwera chakumapeto kwa teremu yachiwiri mu 2024. Ndinali nditaphunzitsa zaka zambiri kumunsi, mbali za ku Mtakataka, komwe munthu umagona zenera lili lotsegula n'kumatulukabe thukuta. Papepala kusamukaku kunali kwapafupi, boma lake lomweli la Dedza. Koma amene munkandimvera m'kalasi ya Geography mukudziwa kuti mtunda suyezedwa chopingasa chokha. Tauni ya Dedza ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri lake limafika pafupifupi mamita 2,200, pomwe Nyanja ya Malawi siikwana n'komwe mamita 500. Lole imene ndinachita hayala inanyamuka pa Golomoti n'kukwera msewu wa Khwekhwerere ikubuula pa kona iliyonse, ndipo titatulukira pa Masasa dalaivala anaima kuti avale jekete. Ine ndinali ndi malaya a mikono ifupiifupi. Ndinangopinda manja n'kumanamizira kuti ndikusirira mapiri.

Kumbuyo kwa loleyo kunali matiresi awiri, mbaula, ndowa, njinga yakapalasa, wailesi, mikeka iwiri ndi makatoni asanu ndi awiri a mabuku. Basi. Dalaivala atatsitsa anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, katundu wotsalayo tikatenge liti?" Ndinamuyankha kuti abwera naye mayi a kunyumba teremu ikatha.

Ndinanama. Kunalibe katundu wotsala.

Tsono apa ndiyenera kuulula, ndipo aphunzitsi anzanga musaseke, chifukwa ena mwa inu ndikudziwa zimene zili pa payslip yanu. Zaka zingapo zapitazo ndinatenga ngongole n'kugula sofa ya zidutswa zitatu, yansalu yofiirira, pamodzi ndi kabati ya magalasi yoonetsera mbale. Sikuti tinalibe pokhala ayi. Koma mnzanga wina pasukulu pomwepo anali atagula yake, ndipo alendo akachoka kwa iye kubwera kwanga ndinkaona maso awo akuyendayenda m'nyumba. Ngongoleyo inkadulidwa mwezi ndi mwezi ndalama isanafike n'komwe m'manja mwanga. Kenako mayi anga anadwala, ndinalowa kwa wakatapila, ndipo amene analowako akudziwa kuti khomo lolowera ndi lalikulu koma potulukira mpang'ono ngati una wa mbewa. Kalata yosamuka itafika, wakatapilayo anamva nkhaniyo tsiku lomwelo. Sofa, kabati, bedi, ngakhale tebulo lodyera ana, zonse zinapita pa mtengo wozizira kuti ndichoke popanda munthu wothamangira lole pambuyo. Mayi a kunyumba ndi ana anatsala kwa mkulu wawo kuti anawo amalize chaka pasukulu yawo.

Nyumba imene ndinapeza kuno ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ya malata, yopanda siling'i. Ukatsokomola nyumba imakuyankha. Simenti ya pansi m'mwezi wa Juni ili ngati mwala wa mumtsinje, ndipo matiresi ukawayala pomwepo chisanu chimakwera n'kukupeza m'mafupa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Ndinaphwasula makatoni awiri n'kuyala kunsi kwa matiresi, ena atatu ndinawasanjikiza kukhala desiki. Makope a Fomu 3 ndinkachonga nditakhala pa mkeka, bulangete kumutu ngati agogo a pamaliro.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi mlendo. Sabata yachiwiri kunabwera wapampando wa komiti ya makolo kudzandilonjera, bambo wa imvi, atanyamula mbatatesi m'kathumba monga mwa ulemu wa anthu akuno. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Pamapeto pake ndinavundikira ndowa n'kuyalapo thaulo. Tangoganizani, wapampando wosowa mpando! Iwo anakhalapo bwinobwino, chipewa pabondo, tinacheza za mitengo ya feteleza ndi za ana amene amajomba tsiku la msika, osatchulapo kanthu za ndowayo. Koma potsanzika anati, "Aphunzitsi, mukakhazikika mutiuze." Akanandiseka bwenzi zili bwinoko.

Loweruka lotsatira ndinapita pa boma kukayendera akalipentala. Mitengo imene ndinamva inandibweza m'mbuyo. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo misomali, guluu, vanishi, siponji ndi nsalu za sofa zinakwera nthawi yomweyo chifukwa zambiri zimachokera kunja. Malipiro athu ndi amene anatsala akuyenda pansi. Ndinkaganiza kuti ku Dedza, kwawo kwa paini, matabwa akhala otchipa. Koma mbali zambiri za phiri zimene kale zinali bii ndi mitengo tsopano zili mbee, ndipo thabwa limene lachekedwa Lolemba, pofika Lachisanu lasanduka kale tebulo, lisanaume. Kalipentala wina wachilungamo anandiuza mosabisa kuti tebulo lotere pakatha miyezi itatu limapindika, ndipo pamene matabwa akumana pamatseguka mpata woti n'kugweramo pensulo. Anati ngati ndikufuna la matabwa ouma ndiwonjezere ndalama, ndidikirenso. Ndinalibe zonse ziwiri, ndalama ndi kudikira komwe. Za ngongole ina ndinali nditalumbira pamaso pa mayi a kunyumba kuti sindidzayerekezanso.

Amene anandithandiza ndi mphunzitsi mnzanga wamkazi, wa phunziro la Chichewa. Anandikokera pambali mu staff room n'kundinong'oneza kuti kumudzi wa kuseri kwa sukulu kuli mayi wina wamasiye amene akugulitsa katundu wa m'nyumba. Ndinapita Lamlungu masana, kudutsa m'minda ya mbatatesi ndi nyemba, nkhungu ikadali m'zigwa.

Ndinapeza mayi wachikulire, wochepa thupi, atavala juzi yoluka ndi manja. Anandilowetsa m'nyumba ya njerwa zowotcha imene inkaoneka kuti kale munali zinthu: pakhoma panali mizere yosonyeza pamene panatsamira sofa, ndi msomali wopanda chopachikapo. Pakati pa chipinda panali tebulo lalikulu lakuda ndi ukalamba, mipando inayi, umodzi wothyoka mwendo, ndi kabati yaing'ono ya zitseko ziwiri. Anatchula mtengo wa zonse pamodzi. Kunena zoona, mtengowo unali wotsika kale, wosakwana theka la umene ndinamva pa boma wa tebulo la paini lokha.

Apa m'pamene ndikufuna mumvetsere. Ine ndinakulira pa kaunjika. Ndinaphunzira ndili mwana kuti mtengo woyamba suvomerezedwa, kuti uyenera kupeza chilema pa chinthucho, kukwinya nkhope, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Ndiye ndinachita zomwezo, osaganiza n'komwe. Ndinagwedeza tebulo lija n'kuti, "Amayi, koma likugwedera ili." Ndinaloza madontho ofiira ndi abuluu amene anali pamwamba pake n'kuti awa sangachoke. Ndinakoka dilowa, inakana kutseguka, n'kupukusa mutu. Mpando wothyoka uja ndinati ndi nkhuni chabe. Kenako ndinatchula mtengo wanga, wotsika kwambiri.

Mayi aja anakhala chete kanthawi, akusisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala. Kenako anati, "Chabwino aphunzitsi, tengani. Bola likupita kwa mphunzitsi."

Ndalama zili kale m'manja mwawo m'pamene anandifotokozera. Amuna awo anali mphunzitsi wa pulayimale zaka zoposa makumi atatu, ndipo madontho amene ndinkanyozawo ndi inki yochongera makope. Tebulolo analipangitsa ndi malipiro awo oyambirira asanakwatirane n'komwe. Atamwalira, ana a mlongo wawo wa malemuwo anabwera n'kutenga sofa, njinga, wailesi ndi makina osokera, ati ndi za amalume awo. Tebulo analisiya chifukwa ndi lolemera komanso linkaoneka lachikale, koma ananena kuti abweranso ndi ngolo. Mayiwo anaona kuti kuli bwino aligulitse okha, apezeko fizi ya mdzukulu wawo, kusiyana ndi kuliona likutuluka pakhomo kwaulere.

Ndinamva chisoni, inde. Ndinapepesa za maliro. Koma ndalama sindinawonjezere. Ndinapeza ngolo ya ng'ombe, tinakweza katundu, ndipo njira yonse ndinkadziyamikira mumtima kuti ndachita malonda anzeru.

Bedi ndinagula kwina, kwa munthu wina wogwira ntchito m'boma amene ankasamuka, ndipo za bedi limeneli ndingokuchenjezani mwachidule. Usiku woyamba ndinagona ngati mfumu. Usiku wachiwiri ndinadzuka ndikudzikanda. Nditaunika ndi tochi ya foni m'malo molumikizira matabwa ndinapeza mudzi wathunthu wa nsikidzi, ndi mfumu yawo yomwe. Ndinkaganiza kuti kozizira kuno sizingakhale. Zimakhala bwino lomwe, zimangodikira munthu wofunda. Ndinaphwasula bedi lonse, kuthira madzi owira m'ming'alu monse, kuyanika padzuwa masiku atatu, kubwerezanso sabata yotsatira chifukwa mazira ake safa msanga. Amene mukugula bedi lakale, tengani tochi, ndipo muliphwasule lisanalowe m'nyumba.

Tibwerere ku tebulo. Mpando wothyoka uja unafunika mmisiri, ndipo anthu anandilozera kwa mnyamata wina amene ali ndi shedi pafupi ndi msika, ati kwawo ndi kumunsi ngati ine. Nditafika ndinapeza munthu wamtali atawerama pa thabwa, pensulo kukhutu. Atadzutsa mutu anaponya pansi chopalira matabwa n'kufuula kuti, "Sala! Ndinu ndithu?"

Ndinamuzindikira atamwetulira. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera. Ena a inu amene munali naye kalasi imodzi mwamudziwa kale, koma dzina sinditchula. Ndi uja ndinamupeza akusema chambo pa desiki ndi kampasi ya masamu, n'kumupatsa chilango chokumba dzenje la zinyalala. Pa lipoti lake ndinalemba kuti saika mtima pa sukulu. Anasiyira Fomu 3 chifukwa cha fizi, ndipo ine sindinafunseko kuti anapita kuti. Anandiuza kuti anakaphunzira ntchitoyi kwa mmisiri wina ku Lilongwe, zaka zinayi akusesa utuchi asanaloledwe kugwira sowo. Tsopano ali ndi anyamata awiri amene akuwaphunzitsa.

Anati mpando sangaukonze asanaone anzake, ndiye madzulo anabwera kunyumba. Atangolowa, maso ake sanapite pa mipando. Anazungulira tebulo lija kawiri, analigogoda ndi chala, kenako anandipempha kuti tiligadabuze. Tinavutika nalo anthu awiri.

"Onani apa, Sala. Mukuona msomali?"

Panalibe msomali ngakhale umodzi. Anandionetsa momwe mmisiri wakaleyo anabowolera miyendo n'kulowetsamo nsonga za matabwa am'mbali, n'kukhomerapo tizikhomo tamtengo. Anatulutsa kampeni n'kupala pang'ono kunsi, ndipo pansi pa litsiro la zaka zonsezo panatuluka mtundu wofiirira wowala ngati uchi. Anati uwu ndi mlombwa, mtengo uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Chiswe sichiukonda, ndipo ukauma sufupika kapena kupindika monga achitira paini, n'chifukwa chake tebulolo lapirira chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa Okutobala zaka zonsezi osang'ambika. Pamwamba pake ndi matabwa awiri okha, lililonse lotambalala kuposa mkono wanga kuchokera pa chigongono. Anati mlombwa waukulu wotulutsa thabwa lotere iye sanauonepo uli chiimire chiyambire ntchito.

Ndinamuuza kuti koma limagwedera. Anaseka. Tinaliimika, analikokera pakona pamene simenti ili yosalala, n'kulikankha ndi manja onse awiri. Linangoti nji. Chimene chinkagwedera kwa mayi aja si tebulo, ndi pansi pa nyumba yawo.

Kenako anafunsa kuti ndinagula zingati. Nditamuuza, anakhala chete, n'kuyang'ana pansi monga ankachitira ndikamufunsa likulu la Zambia.

"Sala, mundikhululukire. Apa simunagule. Mayiwo angokupatsani. Ndalama imeneyo siingakwane thabwa limodzi la pamwambali, ngati mungalipeze n'komwe."

Pali kanthu kena kamene kanachitika madzulo amenewo. Ndinayamba kucheza naye ndi "iwe," monga kale m'kalasi. Koma pamene ankandifotokozera za mitengo, ine nditagwada pambali pake ngati mwana wa Fomu 1, pakamwa panga panakana. Ndinangopezeka ndikuti, "Nanga inu amisiri, mwendowu muupanga ndi chiyani?" Anamva, anandiyang'ana, sananene kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinabwererenso ku "iwe." Iye mpaka lero amakana kukhala pampando ine ndisanakhale.

Mwendo anaupanga ndi bulugamu wouma, poti mlombwa analibe, choncho ndi wotuwa kusiyana ndi inzake itatu. Ankafuna kuupaka mankhwala odetsa kuti ufanane, ine ndinakana. Madontho a inki anafunsa ngati awapale ndi sandipepala, ndinakananso. Dilowa ija anaitsegula pang'onopang'ono n'kupaka kandulo m'mbali mwake kuti iziyenda. Kumbuyo kwake kunali kutatsekereza rula yamtengo, yakuda ndi manja, ndi zolembera ziwiri zofiira zouma inki.

Usiku umenewo sindinagone, ndipo sikuti zinali nsikidzi. Ine ndaphunzitsapo Social Studies. Ndaimapo kutsogolo kwa ena a inu n'kufotokoza kuti mu 2011 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, kuti kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndiponso kuti ziwiya ndi katundu wa m'nyumba ziyenera kutsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiyeyo. Ndinkalemba pa bolodi, inu n'kumakopera, ndipo amene analemba bwino pamayeso ndinkawapatsa malikisi onse. Ndimadziwanso chifukwa chake mwambo wakale unkapereka chuma kwa ana a mlongo: kwathu kuno mwana amawerengedwa kuchimake, ndipo amalume ndiye anali nkhoswe ya ana a mlongo wawo. Koma udindo umenewo unali wolera, osati wobwera ndi ngolo. Zonsezi ndimazidziwa. Komabe tsiku limene ndinakumana ndi mayi wamasiye weniweni, osati wa m'buku, ndinagwiritsa ntchito mantha ake kuti nditsitse mtengo. Anyamata aja anatenga zopepuka, ine n'kudzamaliza zolemerazo.

Teremu itatha, kumapeto kwa Julayi, mayi a kunyumba anafika ndi ana. Anayendera zipinda zonse osalankhula, kenako anaima pa tebulo.

"Inu bambo, katunduyu ndi wa ndani?"

Nditati eni ake anamwalira, anabweza dzanja msangamsanga. "Ndiye ana anga azidyera pa tebulo la womwalira?" Ndinawauza kuti bedi limene tinagulitsa kumunsi lija nalonso tsiku lina adzagonapo munthu amene satidziwa, ndipo anangoti hmm. Koma nditafotokoza nkhani yonse, ndi mawu a mmisiri uja omwe, za womwalira anaziiwala. Anakwiya ndi ine.

"Mwakanenerera mayi wamasiye ngati mukugula tomato pa Lizulu? Inuyo, amene munalira pamene wakatapila ankatchula mtengo wa sofa yathu?"

Pamenepo ndinalibe yankho. Ndinati mawa lomwe ndikapereka ndalama yotsalayo. Anati ayi, kupita ndi ndalama m'manja ngati wokalipira chindapusa n'kuwachititsa manyazi mayiwo kachiwiri. Anakonza okha: shuga, mchere, sopo, ndi chitenje chatsopano. Ndalama, zimene tinachotsa pa malipiro a Julayi, anazimanga pa ngodya ya chitenjecho n'kuchipinda bwinobwino.

Tinapita tonse awiri. Mayi aja anatiyalira mphasa pakhonde, poti m'nyumba munalibenso mpando. Pakamwa panga panayabwa, ndinayamba kufotokoza kuti mtengo uja unali wochepa. Anandidula. "Aphunzitsi, malonda anatha tsiku lomwe lija. Simunandibere, ndinavomera ndekha." Mayi a kunyumba ananditsina pa mwendo kuti ndikhale chete. Ndiye ndinatulutsa rula ija. Anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti anaifunafuna sabata yonse ya maliro. Ati malemuwo ankaigogoda pa tebulo kawiri poitana ana kuti nsima yapsa. Tinasiya mphatso zathu n'kutsanzika.

Patapita masiku atatu kunabwera mdzukulu wawo, atasenza mtsuko watsopano, nkhuku ili kukhwapa. Anati agogo akuthokoza chifukwa cha chitenje, ndipo akuti ngodya yake inali yolemera. Mtsukowo anaumba mchemwali wawo wa agogowo. Ndiye pano sindikudziwanso kuti ali ndi ngongole kwa mnzake ndani. Ndikawerengera mtengo umene mmisiri uja ananena, ine ndidakali kumbuyo kwambiri.

Mmodzi wa ana a mlongo aja anafikadi pakhomo pathu mu Ogasiti, ati wamva kuti tebulo la amalume ake lili kuno. Ine ndinayamba kufunafuna mawu a lamulo m'mutu. Mayi a kunyumba anangomupatsa moni mwaulemu n'kumuuza kuti palibe vuto, tipite tonse kwa amfumu pamodzi ndi mayi wamasiyeyo, tikakambiranenso za makina osokera ndi njinga. Anati abwera Lachiwiri. Lachiwiri lake silinafikebe.

Zina zonse za m'nyumba muno zinabwera pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi chilichonse chinapangidwa ndi manja a munthu. Mikeka ya mlaza ija tinachoka nayo kumunsi ndiyo kapeti yathu. Malata akuno amadontha m'mawa ngakhale kulibe mvula, chifukwa mpweya wofunda wa m'nyumba ukagunda lata lozizira umasanduka madzi (a Fomu 3, funso limeneli limabwera pamayeso), ndiye mmisiri wathu anakhomera mphasa za bango kunsi kwa denga la chipinda cha ana, ndipo chipindacho chinafundako. Makatani ndi zitenje zakale zimene mayi a kunyumba anasoka pamanja. Dengu ndi malichero a nsungwi tinagula m'mbali mwa msewu cha ku Bembeke, ndipo ndikuuzeni kuti sindinanenerere. Wogulitsayo anadabwa mpaka anatsitsa yekha.

Mtsuko uja uli pakona. Mwini wake anatilangiza kuti tiyambe taphikiramo phala la gaga kuti tizibowo ta dongo titsekeke. Kumunsi mtsuko ndi firiji: madzi amatuluka pang'onopang'ono m'dongo, akamauma kunja amachotsa kutentha mkati. Kuno madzi a pa mjigo amabwera ozizira kale mpaka kuwawa mano, ndiye mtsuko wathu ntchito yake yeniyeni ndi kukongoletsa. Koma palibe angauchotse.

Pa kabati pali makapu awiri a ku Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba zinthu m'tauni muno kuyambira 1987. Awiri okha, chifukwa ntchito yake ndi yapamwamba ndipo thumba la mphunzitsi ndi lalifupi. Ndimakonda kuwaika pafupi ndi mtsuko uja. Zonse ndi dongo, koma kapu inawotchedwa m'ng'anjo yotentha kwambiri n'kupakidwa zonyezimira moti madzi sangadutse, pomwe mtsuko unawotchedwa ndi nkhuni pabwalo ndipo umapuma. Pakati pa makapuwo pali chosema cha mayi akusinja pa mtondo, chimene inu a Fomu 4 a chaka chimene ndinachoka munasonkherana n'kukandigulira ku Mua. Malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902, tinkawadutsa kawirikawiri osaganizako zolowa. Ndikuuzeni lero kuti wakatapila uja anachiloza nachonso, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ndinamukaniza. Zikomo kwambiri.

Mwana wathu wotsiriza ali ndi galimoto yake yamtengo, ya zitseko zotseguka, imene amayi ake anamugulira kwa osema a m'mbali mwa Khwekhwerere pobwera. Iyeyu ndi amene anaona kuti makoma ndi osalembedwa, n'kutenga khala la pa mbaula kujambula ng'ombe ndi ngolo pabalaza. Ndinali pafupi kukalipa, kenako ndinakumbuka kuti mapiri omwewa ali ndi malo 127 a zojambula pamiyala za ku Chongoni, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene UNESCO inaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndinamufotokozera zonsezi mwachifatse, kuti luso lake lili ndi mbiri yaitali m'boma lino. Kenako ndinamupatsa nsanza ndi madzi, chifukwa khomalo si lathu.

Wapampando wa komiti uja ndinawaitana teremu yoyamba itatsegulidwa. Ndinawakokera mpando weniweni, mayi a kunyumba anawathirira tiyi m'kapu ya ku Pottery. Asanamwe anaika kapu pansi, anasisita madontho a inki aja, anawerama kuyang'ana miyendo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, tebulo ili ndikulidziwa. Ndinaimapo kutsogolo kwake ndili Sitandade 5, manja kumbuyo. Rula yake ija ili kuti?"

Ndinawauza kuti inabwerera kwawo.

Mdzukulu wa mayi aja tsopano ali pasukulu yathu, ndipo Loweruka lina amabwera kudzawerenga pa tebulo la agogo ake, poti kwawo kulibe magetsi. Amakhala mbali ya dilowa. Ine ndawonjezapo kale madontho anga awiri ofiira, cha kumanja, pamene cholembera chinaphulika ndikuchonga mayeso oyeserera a Fomu 4.

Amene mukudutsa pa M1 popita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, patukani. Mipando ilipo inayi, wachisanu akhala pa mkeka. Wa mwendo wotuwa uja ndi wanga, musaukhalire. Ndipo ngati ndi Juni kapena Julayi, bwerani ndi jekete yanu, yanga ndi imodzi.